Kuzindikira Njoka za M'munda Kuchigwa cha Shire

Alimi anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, pakati pathu pali chizolowezi chakuti njoka iliyonse ikaoneka, mpini uli m'mwamba. Chizolowezi chimenechi chimapha njoka zotithandiza, ndipo chimaika dzanja la mlimi pafupi ndi njoka zoopsa. Tsono tiyeni tiphunzire kusiyanitsa zitatu zimene tikumana nazo kawirikawiri.

Yoyamba ndi mphiri. Iyi ndi yaifupi, yonenepa, kawirikawiri sifika mita imodzi. Mutu wake ndi waphanthiphanthi, wa ngodya zitatu, ndipo pamsana ili ndi mawanga onga nsonga za mivi. Njoka zina zimathawa zikamva mgugu wa mapazi, koma mphiri imangoti phee, podalira kuti khungu lake lifanana ndi masamba ouma. Chifukwa chake imaluma anthu ambiri: wotola thonje amene maso ake ali pa thonje lokha, mwana wofukula mulu wa mapesi a mapira, ndi munthu woyenda usiku wopanda nyali. Musanyengedwe ndi ulesi wake, pakuti poluma ndi yofulumira koposa. Ikayamba kufufuma ndi kupemerera, bwererani. Musananyamule mulu wa zinyalala, yambani mwautembenuza ndi khasu.

Yachiwiri ndi mamba yolavula. (Dzina ili Angerezi amatchulira njoka ina, yaitali ndi yakuda m'kamwa, choncho powerenga mabuku awo musasokonezeke.) Thupi lake ndi lotuwa kapena lofiirira, ndipo pakhosi ili ndi mizere yakuda yopingasa. Ikakwiya imadzutsa mutu, kutambasula khosi, ndi kuthira ululu m'maso mwa munthu ali pamtunda wa mamita 2. Imalowa m'nyumba ndi m'makola a nkhuku usiku, kutsata achule ndi makoswe. Pamene madzi asefukira, monga mu 2015 ndi mu 2023, njoka zimathawira kumtunda komwe anthu athawira, ndipo ogona pansi ayenera kufunyira neti pansi pa mphasa. Ululu ukalowa m'maso, tsukani msanga ndi madzi ambiri, osatikita, ndipo pitani kuchipatala.

Koma taonani chakusa. Nayenso ndi wofiirira, nayenso amalowa m'nyumba usiku, ndipo pachifukwa ichi amaphedwera mlandu wa mamba. Yang'anani mutu: ali ndi mizere iwiri yoyera mbali iliyonse, wina wodutsa pamwamba pa diso. Satambasula khosi, ndiponso alibe ululu. Chakudya chake ndi makoswe, ndipo amawatsata m'una momwe mphaka sangalowe. Mlimi wopha chakusa pansi pa nkhokwe wachotsa mlonda wosafuna malipiro. Komabe musamugwire ndi manja, pakuti mumdima n'kosavuta kulakwitsa.

Munthu akalumidwa, musatemere pabala, musayamwe, ndipo musamange mwendo ndi luzi kapena mphira. Kale ngakhale mabuku ankaphunzitsa kumanga, koma madokotala aona kuti ululu wa mphiri ndi wa mamba yolavula umawononga mnofu, ndipo kumanga kumaonjezera kuola mpaka mwendo kudulidwa. Vulani mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe. Wodwala asathamange, mgonekeni, mwendo usagwedezeke, ndipo mnyamuleni pangolo kapena panjinga kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Musataye nthawi kusaka njokayo. N'kokwanira kuwauza adokotala maonekedwe ake ndi nthawi imene inaluma.