Kusaina usanawerenge: za ku Kayelekera ndi ndalama za sukulu

Mu Febuluwale 2007 boma la Malawi linasainirana mgwirizano ndi kampani ya ku Australia yotchedwa Paladin, woti izikumba miyala ya uranium pa Kayelekera, makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Karonga mukamalowera ku Chitipa. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje ya Sere ndi North Rukuru sanalione pepala limene linasainidwalo. Ngakhale ophunzira a m'tauni sanalione, poti zamkati mwake zinasungidwa mwachinsinsi. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu anathamangira kukhothi chaka chomwecho, nkhani n'kukathera kunja kwa bwalo, ndipo mu Epulo 2009 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mgodiwo.

Zomwe anagwirizana zinadziwika pang'onopang'ono. Boma linatenga magawo 15 pa 100 alionse a umwini wa mgodi, koma linatsitsa msonkho wa miyala yokumbidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyambirira, kenaka 3. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengetsa kuti chifukwa cha kutsitsa misonkhoku, komanso ndalama zimene zinkadutsira ku kampani ina ya Paladin yomweyo ku Netherlands, dziko lino linataya madola 43 miliyoni m'zaka 6, okwanira kulipira aphunzitsi 39,000 kwa chaka chathunthu. Paladin inatsutsa lipotilo, ndipo m'pofunika kunena kuti inasiya zina zooneka, monga ntchito ya madzi a m'mipope pa boma la Karonga. Koma pomwe lipotilo linkatuluka n'kuti mgodi utaima kale mu 2014, mtengo wa uranium utagwa kutsatira ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima ya mu 2011, ndipo mapaundi pafupifupi 11 miliyoni a mtapowo anali atatuluka kale m'dziko.

Chondiwawa pa nkhaniyi n'chakuti palibe amene anathyola chitseko usiku. Chilichonse chinali ndi siginecha ndi chidindo chake. Eni chuma anadziwa zimene zinalembedwa m'dzina lawo madzi atatayika kale. Ndikukumba zakalezi chifukwa cha inu amene makolo anzanu anakusankhani kukhala mukomiti ya sukulu kapena mu PTA, popeza ndalama za sukulu za sekondale za boma zimasowa m'njira yomweyi, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo dzanja lotsegulira njirayo nthawi zambiri limakhala la munthu wachilungamo.

Tiyerekeze sukulu yoyendera ya kumudzi, ya mtundu wa CDSS, yotalikirana ndi banki monga zilili sukulu zambiri za kumapiri a Karonga ndi Chitipa. Akaunti ya sukulu imafuna anthu awiri kapena atatu osainira cheke. Mmodzi wa iwo ndi mayi msungichuma, amene anasankhidwa chifukwa mudzi wonse umadziwa kuti sagwira chamwini. Madzulo ena, atangoweruka kumunda, khasu likadali pakhomo, ahedi atulukira panjinga atapanira buku la macheke m'kati mwa kope.

"Mayi, mawa ndilawirira ku boma kukagula simenti ndi choko. Mitengo ikusintha tsiku ndi tsiku, ndiye mungondisainira masamba atatu, ndikalemba manambala konko ndikaona mtengo wake."

"Aa, ahedi, inu ndi amene mumazidziwa izi. Ife n'kudziwanji?"

Apukuta manja pachitenje, atsamiritsa bukulo pabondo, n'kusaina katatu pansi pa mizere yopanda kanthu. Achita zimenezi mwaulemu, ndiponso poganizira kuti ulendo wa ku boma ndi wodula, sungayendedwe kawiri. Komatu kuyambira madzulo amenewo akauntiyo yasanduka ya munthu mmodzi.

Sikuti mphunzitsi wamkulu aliyense ndi wakuba. Ambiri anaphunzira kuphunzitsa, osati kusunga mabuku a ndalama, ndipo sukulu zambiri za CDSS, zimene zinabadwa mu 1998 kuchokera ku sukulu zakale za MCDE, zilibe kalaliki wa zachuma. Ntchitoyo amangomusenzetsa mphunzitsi wa masamu. Ndalama zochokera ku boma nazo zimachedwa. Zikachedwa, ahedi amatapa m'thumba ili kuti atseke dzenje ilo: za madesiki zilipira mlonda, za denga zigula mapepala a mayeso. Poyamba amakumbukira kuti abweza. Teremu ikatha, ina n'kulowa, palibenso wodziwa kuti thumba liti lili ndi ngongole kwa liti. Kenaka kunyumba kwagwa maliro, kapena feteleza wafika padepoti malipiro asanatuluke, ndipo munthu amene wazolowera kubwerekera sukulu amadzibwerekera yekha. Kuba kwambiri kwa m'sukulu kumayamba ndi mawu oti "ndibweza mwezi ukatha."

Zikafika apo mapepala amayamba kukonzedwa kuti agwirizane ndi zochitika. Malamulo ogulira katundu wa boma amafuna kuti sukulu ifunse mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu, komiti yogula zinthu n'kusankha. Makotesheni atatuwo amapezekadi mufayilo, mayina a sitolo osiyana, koma mukawayang'anitsitsa malembedwe ndi a dzanja limodzi, bolopeni imodzi. Lisiti likunena matumba 60 a simenti, pomwe mmisiri amene anaponda dothi akukumbukira 40. Ma alawansi a maulendo a ku divishoni ku Mzuzu amachuluka kuposa misonkhano imene inachitikadi. Ndalama za sukulu ya masana ija ya open, zolandiridwa pamanja popanda buku la malisiti la manambala otsatana, sizidziwika kuchuluka kwake ngakhale kwa aphunzitsi amene akuphunzitsa makalasiwo. Choipitsitsa chinali cha mayeso: kangapo konse dziko lino lamva za ana a Fomu 4 amene anapereka ndalama kusukulu, koma tsiku la mayeso n'kupeza kuti mayina awo sanafike ku bungwe la mayeso la MANEB. Zaka zinayi za mwana n'kupita padera. N'chifukwa chake kunali kwanzeru kuti bungwelo liyambitse kulipira kudzera kubanki ndi pafoni.

Amene akuona ngati izi n'zazing'ono akumbukire Cashgate ya mu 2013. Mabiliyoni a makwacha anatuluka ku Capital Hill polipira makampani amene sanaperekeko katundu aliyense. Njira yake inali yomweyi ya lisiti la simenti, kusiyana kwake ndi kuchuluka kwa maziro basi.

Malamulo tili nawo. Pali loyendetsera chuma cha boma limene linakonzedwanso mu 2022, pali la kagulidwe ka katundu wa boma, pali ofesi ya mkulu wolondoloza chuma cha boma, palinso bungwe lolimbana ndi katangale la ACB. Koma olondoloza ndi ochepa, sukulu n'zambiri, ndipo akamafika kusukulu ya kuseri kwa mapiri pamakhala patapita zaka, ahedi atasamutsidwa, mafayilo atadyedwa ndi chiswe. Woyamba kuona ngati denga lafoleredwa ndi kholo lodutsa pasukulupo popita kuchigayo. Kholo limeneli lili ndi ufulu wofunsa, ndipo kuyambira mu Seputembala 2020, pamene lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zimene maofesi a boma akusunga linayamba kugwira ntchito, ufuluwo uli ndi msana.

Vuto ndi manyazi athu. Pamsonkhano wa makolo ahedi amaimirira ndi pepala limodzi, n'kuwerenga mothamanga kuti zolowa ndi zakuti, zotuluka ndi zakuti, theka la mawu lili m'Chingerezi pamaso pa anthu olankhula Kyangonde ndi Chitumbuka. A tcheya amafunsa ngati pali funso. Anthu amayang'ana pansi. Wina akalimba mtima n'kunena kuti tione nawo malisitiwo, anzake amamukodola, akuti akuchititsa manyazi aphunzitsi, mwinanso mwana wake adzaonera pomwepo. Msonkhano umatha ndi m'manja, madandaulo n'kukayambira panjira. Ine ndimaona kuti ulemu wotere ndi umene ukuwononga aphunzitsi aakulu abwino. Mphunzitsi wamkulu wosaba amapindula kwambiri makolo akaona malisiti, chifukwa tsiku lomunamizira likafika amakhala ndi mboni. Amene amakwiya akafunsidwa, mkwiyo wakewo wayankha kale funso.

Nkhaniyi yafika pofunika changu tsopano pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mgodi wa Kayelekera unadzukanso. Kampani ya Lotus Resources inaugula mu 2020, n'kuyambanso kutulutsa uranium mu 2025. Ulendo uno pali chimene kunalibe mu 2007: lamulo la migodi la mu 2019 linabweretsa mfundo yoti kampani ya mgodi waukulu izigwiritsa ntchito ndalama zosachepera 0.45 peresenti ya zonse zimene yagulitsa pachaka pa chitukuko cha midzi yoyandikana nayo. Midzi ikafunsidwa chimene ikufuna, sukulu sizilephera kutchulidwa: midadada, nyumba za aphunzitsi, malo ogona atsikana, fizi ya ana osowa. Ndalama zimenezi zikadzafika pa makomiti ozolowera kusaina osawerenga, Kayelekera adzalira kachiwiri, ndipo ulendo uno wolozedwa chala sadzakhala wa ku Australia.

Chachiwiri ndi maphunziro aulere. Mu 2018 boma linachotsa fizi ya K500 pa teremu m'sukulu za sekondale, koma makolo anapitiriza kusonkha za thumba la chitukuko. Kenaka Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti kuyambira mu Januwale 2026 sekondale ikhala yaulere. Kwa kholo limene linkagulitsa mbuzi kuti mwana asabwezedwe, uwu ndi mpumulo weniweni. Mantha anga ali poti kholo lomwelo linkafunsako za ndalama chifukwa mbuziyo inkaliwawa. Ndalama zikamachokera ku Lilongwe, kapena ku mgodi, anthu amati n'za boma, n'zaulere, wopatsidwa sadandaula. Komatu ndi msonkho umene munalipira pogula sopo ndi mayunitsi a foni, ndi miyala ya pansi pa nthaka ya makolo anu.

Zofunika kuchita sizilira digiri. Cheke chisainidwe chitalembedwa dzina la wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama, kotesheni ili pambali. Ngati mitengo ikusinthadi, msungichuma apite nawo ku boma, sukulu imulipirire thiransipoti. Ulendo umenewo ndi wotchipa poyerekeza ndi masamba atatu osalembedwa. Katundu akafika, awerengedwe ndi munthu wina osati amene anakagula, asanalowe m'sitolo ya sukulu. Sitetimenti ya kubanki ibwere pamsonkhano wa komiti teremu iliyonse, ndipo ndalama zimene sukulu yalandira ndi mmene zagwirira ntchito zimatidwe pabolodi pomwe ana a Fomu 3 angaziwerenge n'kukafotokozera makolo awo m'chiyankhulo cha kwawo.

Mayi msungichuma aja nkhani yawo imatha chonchi. Patapita zaka ziwiri, ahedi atasamukira ku boma lina, olondoloza afika n'kupeza kuti cheke chimodzi mwa zitatu zija chinalipira sitolo imene kulibe. Aitanitsa amene anasaina. Mayiwo afotokoza moona mtima kuti pamene ankasaina panalibe nambala iliyonse, kuti sanadyeko ngakhale tambala. Wofunsa mafunso awamvera mpaka kumapeto, n'kulemba m'kope lake kuti msungichuma wavomera kuti anasaina cheke chosalembedwa. Mdadada umene simentiyo inayenera kumaliza ukadali pawindo, ndipo ana a Fomu 1 akuphunzirira m'tchalitchi chapafupi.