Sipeya wa Injini ya Boti Sagula ndi Maso

Kabuku aka ndi ka mabanja amene ali ndi boti la injini ya dizilo pa nyanja ya Malawi, kaya ndi la matola, lonyamula katundu kapena lokoka khoka. Ndikulankhula nanu bambo, eni boti, komanso inu mayi, chifukwa m'makomo ambiri ndinu amene mumasunga ndalama ya nsomba, ndipo ndinu mumafunsa kuti, "Kanthu kakang'onong'ono chonchi nkumadula chomwechi?" Funsolo ndi loyenera. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo palibe sipeya wa injinizi amene amapangidwa kuno kwathu.

Za kuyang'ana oyilo m'mawa, kumanga mabawuti ndi kukapa madzi sindinenapo. Mwana aliyense wa pagombe amazidziwa.

Chimene ndatopa nacho

Injini ikavuta, makaniko amamasula chowonongekacho, mwini boti nkuchikulunga m'jumbo, nkupatsa mnyamata kuti akwere basi wa ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Malangizo ake amakhala amodzi okha: "Ukagule chofanana ndi ichi." Mnyamata akafika m'sitolo, wogulitsa amatulutsa ziwiri, china cha orijino, china chotchipa, nkunena kuti zonse ndi chimodzimodzi. Mnyamata aziika pafupi, aona kukula ndi kumodzi, mtundu ndi umodzi, aimba foni kunyumba. Yankho timalidziwa tonse: "Tenga chotchipacho." Chenje chigulira sopo ndi shuga, aliyense nkukondwa.

Ndaona zimenezi pa magombe ambirimbiri, ndipo amene amachita ndi anthu oti akhala pamadzi zaka zochuluka kuposa ine. Maso amaona kunja kokha. Chimene chimasiyanitsa sipeya wabwino ndi wachinyengo chili m'kati: mtundu wa mphira, pepala la m'sefa, kulimba kwa chitsulo. Zimenezo simungazione mutaima pa kauntala.

Tiyambe ndi impela. Ndi kamphira ka mapikomapiko kamene kamazungulira m'pampu ya madzi, kukoka madzi a m'nyanja kuti aziziziritsa injini. Kamakwana m'dzanja la mwana. Madzi omwewo ndi amene amakafewetsa, moti kakazungulira pouma, ngakhale mphindi imodzi isanakwane, mapiko apsa. Kuno kwathu kamavutika kwambiri chifukwa timakocheza pa mchenga, ndipo pampu imameza mchengawo tsiku ndi tsiku.

Mwezi wina wa Julaye, mwera uli pachimake, ndinali pa gombe lina kumwera kwa nyanja pamene boti linafika likukokedwa ndi linzake. Injini inali itatentha ali pakati pamadzi. Makaniko atatsegula pampu, impela inatuluka yathunthu, mapiko onse asanu ndi limodzi ali m'malo. Mwini boti anati, "Mwaona alangizi, si impela iyi, ndangoigula mwezi watha." Ndinagwira kachitsulo ka pakati ndi zala ziwiri, nkukankha mphira ndi chala chachikulu. Mphira unazungulira wokha, kachitsulo kali chiimire. Zinali zitalekana. Ndiye kuti shafiti inkazungulira bwinobwino koma mapiko ali phee, madzi osayenda. Titasolola choyezera oyilo, oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka. Gasiketi ya hedi inali itapsa. Boti limenelo linakhala pamtunda milungu ingapo, alovi ake nkumakwera maboti a anthu ena.

Mwayi wawo unali woti mnzawo anali pafupi. Injini ikazima pa mwera, boti silikhalanso ndi mphamvu yolunjika mafunde, limatembenuka nkuwapatsa nthiti. Amene munakumanapo nazo simufuna kuti ndifotokoze.

Impela yachinyengo ina imathothoka mapiko. Mukatulutsa yoteroyo, werengani mapiko, ndipo amene akusowa muwafune mpaka muwapeze, chifukwa amakatsekereza m'mapaipi kapena m'kula yoziziritsira injini. Ambiri amangoika yatsopano nkutseka, kenako nkumadabwa kuti injini ikutenthabe.

Sefa ya dizilo ndiye nkhani ina imene imandiwawa. Dizilo wathu sachoka pa pampu kulunjika m'thanki. Amadutsa m'zigubu, m'madiramu a dzimbiri, nthawi ya kusowa kwa mafuta amachokeranso kwa mavenda, ndipo amafika ali ndi fumbi ndi madzi. Injini yaing'ono ya dizilo imapopera mafuta pa mphamvu ya mabaa pafupifupi 200, kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto pafupifupi ka 100, kudzera m'timabowo ta nozo tochepa kuposa nsonga ya singano. Zitsulo za m'pampu ya dizilo zimagwirana mothina kwambiri, mpata wake ndi wochepa kutalitali kuposa tsitsi limodzi. Kamchenga kamene diso silingaone kakalowa mmenemo kamapala chitsulo pang'onopang'ono. Chotchinga chake ndi pepala la m'sefa basi.

Chitani ichi kamodzi kokha kuti mukhulupirire. Tengani sefa yakale ya orijino ndi yakale yotchipa, muzidule ndi sowo. M'kati mwa yabwino mupeza pepala lopindidwa mothinana, lomatidwa bwino kumwamba ndi pansi. Mwa inayo mupeza mapindo owerengeka, pepala lopyapyala, pena guluu atasiya mpata woti dizilo azingodutsa m'mbali osasefedwa. Choipa chake nchoti injini yokhala ndi sefa yotero imalira bwinobwino miyezi ingapo, mwini nkumauza anzake kuti wapeza potchipa. Ikadzayamba kuvuta kulira m'mawa, kutulutsa utsi wakuda ndi kumwa mafuta ngati ili ndi ludzu, palibe amene amakumbukiranso za sefa. Ena amafika poganizira anthu. Pampu ya dizilo sakonza ndi sipanala pansi pa mtengo, imafuna makina oyezera amene ali m'tauni, ndipo mtengo wake mungagulire masefa a zaka zambiri.

Za sefa ya galimoto imene "imalowa bwinobwino" ndisanene zambiri. Kulowa kwa mazinga si umboni woti ikugwira ntchito.

Si chotchipa chilichonse chili choipa

Pamsika pali mitundu itatu. Pali sipeya wa m'bokosi la kampani imene inapanga injiniyo, monga Yanmar, Perkins kapena Volvo Penta. Pali wopangidwa ndi makampani odziwika amene ntchito yawo ndi yomweyo, monga Bosch ndi Denso pa manozo, Fleetguard ndi Donaldson pa masefa, Jabsco ndi Johnson Pump pa maimpela. Ameneyu ndi wabwino, nthawi zambiri amatsikirako mtengo, ndipo ndi amene ine ndimalangiza anthu kuti agule. Wachitatu ndi wopanda dzina, kapena woba dzina la eni ake, bokosi lokongola koma zilembo zofufutika, nambala ya pabokosi yosiyana ndi ya pa chinthucho. Amene ndikulimbana naye ndi wachitatuyu.

Mapaipi, lamba, mabawuti wamba ndi mawaya mungagule otsika mtengo, bola akhale a muyezo woyenera, chifukwa zili poonekera ndipo zikayamba kutha mumaziona. Koma impela, sefa ya dizilo, sefa ya oyilo, nozo, gasiketi ya hedi, maring'i ndi mabering'i, pamenepo musanyengerere. Zimenezi zikalephera zimapha zinzake zodula.

Zoti muzichita

Pa injini iliyonse pali kachitsulo kolembedwa mtundu wake ndi nambala yake. Pukutani oyilo, muijambule pa foni, mulembenso m'kope limene limakhala m'nyumba. Potuma munthu, mutumeni ndi nambala ya injini ndi nambala ya sipeyayo, chakalecho angotenga ngati mboni. Safunsa anadya phula: wogulitsa afunsidwe kuti sipeyayu anapanga ndani, ndipo alembe dzinalo pa lisiti. Akakana kulemba, tulukani.

Nthawi yosinthira oyilo ndi masefa ili m'buku la injini yanu, ndipo imawerengedwa makamaka m'maola. Lembani maola amene boti layenda. Ndikudziwa kuti ambiri bukulo munalitaya kalekale kapena simunalionepo, poti injini munagula kwa munthu. Funsani mlangizi wa za usodzi wa dera lanu kapena makaniko amene anaphunzira ntchito, osati mnzanu wa pa bawo.

Dizilo wa m'chigubu muzimusiya akhazikike usiku wonse, muthire posefa ndi nsalu yoyera, ndipo wa pansi penipeni musamuthire m'thanki. Injini ikangolira, yang'anani ngati madzi akutuluka kumene amatulukira. Akapanda kutuluka, zimitsani pompo.

M'boti muzikhala impela imodzi ndi sefa imodzi zabwino, m'botolo lotseka bwino, pamodzi ndi sipanala zake. Eni maboti a gombe limodzi mungathe kusonkherana kudzera m'komiti ya pagombe, nkutuma munthu mmodzi wodziwa kuti akagulire onse, ndalama ya basi nkuchepa.

Mayi, usipa ukagulidwa bwino, patulani ndalama ya sipeya musanagawe ya zina, kuti tsiku la vuto musadzakakamizike kutenga chotchipa. Ndipo bambo akabwera kudzapempha ndalama ya impela kapena sefa, afunseni nambala yake, pobwera akuonetseni lisiti. Chitani zimenezi mwera usanayambe mu Meyi, chifukwa amene amakwera botilo ndi amuna anu ndi ana anu.