Phunziro la Zaumoyo: Kodi ndi Ulesi? Tidziwe za ADHD ya Akuluakulu ndi Thandizo la pa Foni

 Lero tikambirana za vuto limene ambiri timaliona pakati pathu koma dzina lake sitilidziwa.

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli munthu amene anthu amamunena kuti ndi waphuma kapena wosamva. Amayamba kupalira mbatata, mizere isanathe wapita kukakonza njinga. Njinga ili chiphwasulire, iye wathamangira kumsika, ndipo kumsikako waiwala chimene anapitira. Khadi la kuchipatala amalitaya kawirikawiri. Pa msonkhano wa amfumu sakhalitsa pansi, ndipo amadula anzake mawu asanamalize. Ena amati ndi ulesi, ena amati makolo anamulekerera, ena amati anamulodza. Kwa ena mwa anthu otere, gwero lake ndi vuto limene madokotala amalitcha ADHD. Pa Chipwitikizi mudzamva akuti PHDA kapena TDAH.

ADHD NDI CHIYANI?

Ndi vuto la kagwiridwe ntchito ka ubongo, makamaka pa ntchito yoika maganizo pa chinthu chimodzi, kudikira ndi kudziletsa. Munthu amayamba nalo ali mwana. Limayenda kwambiri m'magazi, ndiye si zachilendo kupeza bambo ndi mwana wake onse ali nalo. Silipatsirana ngati chifuwa, si misala, ndiponso silitanthauza kuti munthuyo ndi wopanda nzeru. Mabuku a madokotala amawerengera kuti pa ana 100 alionse, ana pafupifupi 5 ali nalo, ndipo pa akuluakulu 100, awiri kapena atatu ali nalo.

Si vuto lachilendo lobwera ndi mafoni ayi. Dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu olephera kukhazikitsa maganizo m'chaka cha 1798. Mu 1902, dokotala wa ana George Still anafotokoza ku London za ana okhala ndi khalidwe lotere.

CHIFUKWA CHAKE AKATSWIRI AKUPHUNZIRANSO

Kwa zaka zambiri, ogwira ntchito zaumoyo ankaphunzitsidwa kuti ili ndi vuto la ana, makamaka anyamata, ndipo limatha munthu akakula. Kafukufuku wotsata anawo mpaka atakula anaonetsa kuti ambiri amapitirira nalo. Chimasintha ndi maonekedwe ake. Mwana uja ankakwera pa madesiki, akakula sakweranso, koma m'kati mwake amakhala wosakhazikika, amasintha ntchito pafupipafupi ndipo ndalama sizikhalitsa m'manja mwake. Amayi ambiri sanazindikirike konse, chifukwa iwo ali atsikana sankasokosa. Ankangokhala phee m'kalasi maganizo ali kutali.

M'chaka cha 2013, bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linatulutsa buku latsopano lotchedwa DSM-5, ndipo linasintha njira yozindikirira vutoli kuti ikwanirenso akuluakulu. Kale ankafuna kuti zizindikiro zikhale zitaoneka mwana asanakwane zaka 7, koma tsopano ndi zaka 12. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO nalonso lili ndi ADHD m'buku lake la matenda la ICD-11, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022.

Taganizani: katswiri amene anamaliza sukulu izi zisanasinthe, akapanda kuphunziranso, adzabweza munthu wamkulu nkumuuza kuti alibe vuto lililonse. N'chifukwa chake pali maphunziro opitiriza, amene azaumoyo kuno amati formação contínua. M'mayiko monga South Africa ndi America, katswiri wa za maganizo, amene pa Chipwitikizi timati psicólogo, amakakamizidwa ndi malamulo kumachita maphunziro oonjezera kuti chiphaso chake cha ntchito chisathe mphamvu. Zina mwa nkhani zimene zikuphunzitsidwa masiku ano ndi ADHD ya akuluakulu ndi chithandizo chodzera pa foni ndi pa intaneti.

Kuno ku Mozambique madokotala akuluakulu a za maganizo ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali m'mizinda. N'chifukwa chake kuyambira mu 1996 boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de psiquiatria, amene amatumizidwa ku zipatala za m'maboma. Kwa ife a kumudzi, ameneyu ndiye katswiri woyamba kumufikira. Mukamva kuti técnico wapita ku maphunziro ku Tete, musadandaule kuti wathawa ntchito. Chimene akukaphunziracho chidzathandiza inu ndi ana anu.

KODI KATSWIRI AMAFUFUZA BWANJI?

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kungaonetse ADHD. Katswiri amafunsa mafunso ndi kumvetsera mbiri ya moyo wanu. Amayang'ana magulu awiri a zizindikiro.

Gulu loyamba ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu: kulakwitsa zinthu zazing'ono chifukwa chosasamala, kuoneka ngati simukumva pamene wina akulankhula nanu, kusamaliza ntchito, kulephera kukonza zochita mwadongosolo, kuzengereza ntchito yofuna kuganiza, kutaya zinthu, kucheukira chilichonse ndi kuiwalaiwala.

Gulu lachiwiri ndi kusakhazikika ndi phuma: kugwedezagwedeza manja kapena miyendo, kulephera kukhala pansi nthawi yaitali, kulankhula kwambiri, kuyankha funso lisanathe, kulephera kudikira pa mzere ndi kulowerera nkhani za ena.

Gulu lililonse lili ndi zizindikiro 9. Kwa munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo, pamafunika zizindikiro zosachepera 5 za gulu limodzi. Koma zimenezi zokha sizikwanira. Pali mfundo zinayi zofunika:

1. Zizindikirozo zikhale zitatha miyezi 6 kapena kuposa.
2. Zina mwa izo zikhale zitayamba musanakwane zaka 12.
3. Zizioneka m'malo awiri kapena kuposa, monga kunyumba, kumunda, kumsika kapena kutchalitchi.
4. Zikhale zikuonongadi ntchito, banja kapena maphunziro anu.

Tonsefe timaiwala nthawi zina. Kuiwala mchere tsiku limodzi si ADHD.

ZINA ZIMENE ZIMAFANANA NAYO

Apa tcherani khutu. Ngati munali munthu wadongosolo ndipo kuiwala kwayamba chaka chatha, ndiye kuti pali china chimene chikuchitika. Kukhumudwa kwambiri, nkhawa, kusagona mokwanira, njala, kuchepa kwa magazi, kachasu, chamba, vuto la kumva, ndi mtundu wina wa khunyu umene munthu amangoti duu kwa kanthawi, zonsezi zimasokoneza maganizo. Makolo athu ambiri anaona zoopsa pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, ena anathawira ku Malawi ali ana. Mabala a mumtima otere nawonso amalanda munthu tulo ndi mtendere wa maganizo. Lililonse la mavuto amenewa lili ndi chithandizo chakechake, ndipo kupatsa munthu dzina la matenda olakwika ndi kumuchedwetsa kuchira.

Munthu athanso kukhala ndi ADHD pamodzi ndi ena mwa mavutowa. Amene wakhala akunyozedwa kuyambira ali mwana kuti ndi wolephera, sachedwa kukhumudwa kapena kuthawira ku mowa. Kafukufuku waonetsanso kuti akuluakulu a ADHD amachita ngozi za pamsewu kawirikawiri kuposa anzawo. Anyamata oyendetsa njinga zamoto, iyi ndi nkhani ya moyo wanu ndi wa amene mwawakweza.

CHITHANDIZO CHILIPO

ADHD sichiritsika ngati malungo, koma munthu atha kukhala nayo bwino. Pali mankhwala, ndipo odziwika kwambiri ndi methylphenidate. Amathandiza ambiri, koma ndi mankhwala olamulidwa ndi boma, sapezeka paliponse, ndipo amaperekedwa ndi dokotala yekha atayeza kuthamanga kwa magazi ndi kufunsa za mtima. Atha kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndi kusowetsa tulo. Musagule mapiritsi pamsika kapena kwa ogulitsa a pa malire amene akunena kuti ndi mankhwala a nzeru.

Chithandizo china ndi uphungu. Katswiri amakuphunzitsani kugawa ntchito yaikulu m'zigawo zing'onozing'ono, kusunga nthawi, ndi kudziletsa musanachite chinthu mwaphuma. Kungodziwa dzina la vuto lako kumapeputsa mtima, ndipo m'nyumba mumachepa mikangano.

NANGA ZA PA FONI?

M'mayiko ena foni yasanduka chida cha chipatala. Mu 2020, boma la America linavomereza masewera a pa foni otchedwa EndeavorRx kuti dokotala azilembera ana a zaka 8 mpaka 12 okhala ndi ADHD. Mwana amasewera mphindi 25 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Mu 2024 anavomerezanso mtundu wake wa akuluakulu. Masewerawa anapangidwa kuti azithandizana ndi chithandizo china, osati kulowa m'malo mwake. Ku Germany, kuyambira mu 2020, dokotala atha kulembera wodwala pulogalamu ya pa foni imene boma layesa ndi kuivomereza.

Kwathu kuno ntchito yayambanso. M'chigawo cha Nampula, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi Columbia University ya ku New York unaphunzitsa anamwino ndi azaumoyo a m'midzi, amene tinazolowera kuwatcha ma APE, kugwiritsa ntchito mafunso oikidwa pa foni kuti azindikire kukhumudwa, nkhawa, vuto la mowa ndi maganizo ofuna kudzipha. Onani bwino: foni ili m'manja mwa munthu wophunzitsidwa, amene akuona wodwalayo maso ndi maso.

Tsopano chenjezo. Mu 2022, akatswiri a ku Canada anaunika mavidiyo 100 otchuka a pa TikTok onena za ADHD, ndipo anapeza kuti 52 anali osocheretsa. Mu 2024, akuluakulu a kampani ina ya ku America anamangidwa powaganizira kuti ankagawa mankhwala a ADHD kudzera pa intaneti popanda kuyeza anthu moyenera. Mapulogalamu ambiri a pa foni olonjeza kuchiritsa maganizo sanayesedwe ndi aliyense, ali m'Chingerezi, amadya kredito, ndipo ena amatenga zinsinsi zanu. Ngakhale mafunso 6 odziwika a WHO otchedwa ASRS, amene amapezeka pa intaneti, ntchito yake ndi kukuuzani kuti mukaonane ndi katswiri. Sangakuuzeni kuti muli ndi ADHD.

Choncho musanakhulupirire pulogalamu kapena uthenga wa pa WhatsApp, dzifunseni: Wapanga ndani? Azaumoyo akuidziwa? Akufuna ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola? Akulonjeza kuchira msanga? Amene akulonjeza kuchiritsa ADHD m'sabata imodzi ndi wakuba.

FONI YA MABATANI NDI YOKWANIRA

Simufunika foni yodula kuti ikuthandizeni. Yesani izi:

1. Tcherani alamu ya zinthu zofunika: kumwa mankhwala, tsiku la sikelo ya mwana, msonkhano wa gulu losunga ndalama.
2. Madzulo sankhani ntchito zitatu zokha za mawa. Zilembeni, kapena jambulani mawu anu pa foni ngati kulemba kumakuvutani.
3. Tcherani alamu ya mphindi 20 kapena 30. Gwirani ntchito imodzi yokha mpaka ilire, pumulani pang'ono, kenako yambiraninso.
4. Khomani msomali kapena ikani dengu pakhomo, malo amodzi a makiyi, khadi la kuchipatala ndi chitupa.
5. Mukagulitsa mbatata kapena fodya, musagule chinthu chachikulu tsiku lomwelo. Gonani kaye, ndipo kambiranani ndi a kunyumba kwanu.
6. Poyendetsa njinga yamoto ndi pogona, foni ikhale kutali. Foni yomweyo imene imakumbutsa ndiyo imabanso maganizo.

MAWU KWA ACHIBALE

Amayi, abambo, ngati mnzanu wa m'nyumba ali wotere, kukalipa kwa zaka zonsezi sikunamusinthe. Muuzeni chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mukuyang'anana. Yamikirani chimene wamaliza. ADHD si chifukwa chomenyera mkazi, kumwera ndalama za banja kapena kuthawira udindo, koma munthu amasintha msanga akathandizidwa kusiyana ndi akanyozedwa.

Popita kuchipatala, yambirani ku chipatala chanu chaching'ono ndipo pemphani kuti akutumizeni kwa técnico de psiquiatria kapena psicólogo wa kuboma. Tenganani ndi munthu amene anakuonani muli mwana, monga mayi anu, azakhali kapena akulu anu, chifukwa katswiri adzafunsa za ubwana wanu. Nenani zoona zokhazokha za mowa ndi mankhwala ena amene mukumwa. Ngati wina akulankhula zofuna kudzipha, musadikire tsiku la msika, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo. Akulu anati safunsa anadya phula.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU LANU LOMVERA WAILESI

1. Kodi ndi mayina ati amene timawaitanira anthu oiwalaiwala ndi aphuma m'mudzi mwathu? Amawathandiza kapena amawapweteka?
2. Tchulani mfundo zinayi zimene katswiri amayang'ana asananene kuti munthu ali ndi ADHD.
3. Ndi mavuto ena ati amene amafanana ndi ADHD?
4. Kodi foni ingachite chiyani, ndipo singachite chiyani?

Pokambirana musatchule dzina la munthu aliyense wa m'mudzi. Mayankho ndi mafunso anu perekani kwa mtsogoleri wa gulu lanu kuti atifikitsire kuno ku wailesi, ndipo tidzawapereka kwa azaumoyo kuti atiyankhe pa pulogalamu ikubwerayi. Mukatha kuwerenga kapepala aka, muwerengereni mnzanu amene sadziwa kuwerenga.