Ronnie Delany, Katswiri wa Liwiro

Kumadzulo kwa dziko la Mangalande, kutsidya kwa nyanja, kuli cisumbu cochedwa Ireland. Kumeneko, m'mudzi wa Arklow, kunabadwa mwana wamwamuna dzina lace Ronnie Delany m'caka ca 1935. Anakulira mumzinda wa Dublin, ndipo akali pa sukulu anayamba kumveka pa liwiro. Poyamba anakonda mpikisano wa theka la mailo, koma atapita kukaphunzira ku sukulu yaikuru ya Villanova ku Amereka, mphunzitsi wace wa masewera, Jumbo Elliott, anamlangiza kuti ayese mailo yathunthu.

Kale anthu ambiri anayesa kuti palibe munthu angathe kuthamanga mailo imodzi mphindi 4 zisanakwane. Woyamba kucita zimenezi anali Roger Bannister wa ku Mangalande, m'caka ca 1954. Pa 1 June 1956, ku Compton ku Amereka, Delany nayenso anatsiriza mailo m'mphindi 3 ndi masekondi 59, nakhala munthu wacisanu ndi ciwiri pa dziko lonse wocita cotero.

Posakhalitsa tsoka linamgwera. Nsapato za othamanga ziri ndi misomali kunsi kwace kuti asaterereke, ndipo pa mpikisano wina ku Paris mnzace anamponda nayo cidendene. Liwiro lace linacepa, kotero kuti akulu a masewera a kwao anakayika ngati nkoyenera kumtumiza ku Masewera a Olimpiki, amene anali kudzacitika ku Melbourne, m'dziko la Australia. Anabvomera mocedwa.

Mpikisano wotsiriza wa mamita 1,500 unacitika pa 1 December 1956. Bwalo la liwiro nlotalika mamita 400 kuzungulira, tsono othamanga alizungulira katatu ndi kuonjezapo mamita 300. Ukatsala ulendo umodzi, belu limalira. Tsikulo anaima pa mzere anthu 12, ndipo khamu lonse linali kupfuula dzina la John Landy, mwana wa dziko lomwelo.

Belu polira, Delany anali wa nambala 10. Mukadakhala m'khamumo, kapena mukadati, "Uyu zace zada." Koma iye sanatsalire cifukwa ca kulema ai. Wotsogola ndiye alimbana ndi mphepo, ndipo sadziwa cimene anzace ali kucita kumbuyo. Wotsatira asunga mphamvu, napenya onse. Komabe njira iyi iri ndi ngozi yace, pakuti ukacedwa pang'ono anzako akutsekera njira ngati mbuzi m'khola, ndipo mphamvu wasunga zija zipita pacabe. Delany anaturukira kunja kwa gulu, kumene kunalibe womchinga, nayamba kuwapitirira mmodzi mmodzi. Pofika pa mzere woongoka wotsiriza anali patsogolo, ndipo panalibenso womgwira. Anatsiriza m'mphindi 3 ndi masekondi 41.2, nthawi imene inali isanacitikepo pa Masewera a Olimpiki. Waciwiri anali Klaus Richtzenhain wa ku Jeremani. Landy anakhala wacitatu.

Atangodumpha mzere, mnyamatayo, wa zaka 21 zokha, anagwada pansi kupemphera. Landy poona ici anayesa kuti mnzace wabvulala, ndipo ngakhale anali atangogonja pamaso pa anthu a kwao, anapita kukamdzutsa.

Delany anapambananso mipikisano 40 motsatizana m'mabwalo a m'nyumba ku Amereka, ndipo m'caka ca 1958 anakhala wacitatu pa mpikisano wa maiko a ku Ulaya ku Stockholm. Koma miyendo inayamba kumsautsa. Ku Rome m'caka ca 1960 sanafike pa mpikisano wotsiriza, ndipo m'caka ca 1962 analeka kuthamanga. Kucokera tsiku lija la ku Melbourne kufikira Masewera a 2024, palibe munthu wina wa ku Ireland anapatanso mendulo ya golidi ya Olimpiki pa liwiro.

Mafunso
1. Nanga ncifukwa ninji akulu a masewera anakayika za kutumiza Delany ku Melbourne?
2. Fotokozani ubwino ndi kuopsya kwa kutsalira kumbuyo pa mpikisano wautali.
3. Pezani Ireland ndi Australia pa mapu a dziko lonse.