Phunziro 14: Amisiri a magetsi a ku Tete

Ana inu, kodi munaonapo nthambo zazikulu zodutsa pamwamba pa minda? Nthambozo zimanyamula magetsi. Munthu amene amaziika ndi kuzikonza ndi mmisiri wa magetsi. Nchito imeneyi munthu amacita kuphunzira. Lero timva mmene anthu a kwathu kuno ku Tete anaiphunzirira.

Pa mtsinje wa Zambeze, pafupi ndi Songo, pali damu lalikulu. Dzina lake ndi Cahora Bassa. Anayamba kulimanga mu 1969, nalitsiriza mu 1974. Madzi a m'damumo amazunguza makina asanu. Makinawo ndiwo amapanga magetsi.

Nthawi imeneyo dziko lathu linali m'manja mwa Apwitikizi. Anthu akuda ambiri anagwira nchito ku Songo. Ankaswa miyala, kukumba ndi kusenza simenti. Koma nchito ya mawaya ndi makina inali makamaka ya azungu. Munthu wakuda ankangokhala ajudante, ndiko kuti wothandiza. Ankagwira makwerero. Ankapatsira zida. Koma maso ake anali pa manja a mmisiri. Ankaona kasendedwe ka waya. Ankaona kalumikizidwe kake. Zonsezo ankasunga mumtima. Ena anadziwa nchito motero, popanda buku, popanda cikalata.

Pa 25 Juni 1975 Moçambique analandira ufulu. Apwitikizi ambiri anabwerera kwawo, amisiri omwe. Magetsi akazima, okonza anali ocepa kwambiri. Mu 1977 boma linakhazikitsa kampani ya magetsi, dzina lake EDM. Ena mwa othandiza aja anasanduka amisiri, nayamba kuphunzitsa acinyamata.

Kenaka kunabwera nkhondo. Nthambo za ku Songo zimapita kutali, makilomita pafupifupi 1,400, mpaka ku South Africa, kumene agogo athu amati ku Joni. Nsanja zambiri zacitsulo zonyamula nthambozo zinagwetsedwa. Nkhondo inatha mu 1992. Amisiri anadzutsa nsanjazo imodziimodzi, ndipo pofika 1998 magetsi anali akuyendanso. Ine mphunzitsi wanu ndinali ndisanabadwe.

Nanga lero amaphunzira bwanji? Ena amapita kusukulu ya umisiri. Ena amatsata mmisiri wamkulu tsiku ndi tsiku. Koma onse amayamba ndi lamulo limodzi. Zimitsa kaye magetsi. Yesa ngati mu waya mulibe moto. Pamenepo ndiye gwira.

Tsiku lina ku Ulónguè ndinaona mmisiri akuika mababu m'sitolo. Anali ndi mtsikana wophunzira nchito. Mtsikanayo anafulumira kutambasula dzanja. Mmisiri anamugwira mkono.

"Iwe, wayesa?"

"Sindinayese, bambo."

"Tenga coyesera."

Mtsikana anakhudzitsa coyesera pa waya. Kanyali kakang'ono kanayaka. Mu wayamo munali moto! Iye anabwerera m'mbuyo, napita kukazimitsa. Atabwera anayesanso. Kanyali sikanayake. Pamenepo mmisiri anamupatsa pulayala.

Mmisiri amawerenga mababu. Amayeza kutalika kwa waya. Amawerenga zolembedwa pa zida. Nambala ndi zilembo zimene tikuphunzira m'kalasi muno, iye amazigwiritsa nchito tsiku lililonse.

Inu simunafike pogwira waya. Mukaona nthambo itagwa pansi, musayandikire. Musaikhudze ndi ndodo. Thamangani mukauze akulu.

Kwa makolo

Mu 1992 boma linakhazikitsa INEFP kuti iziphunzitsa nchito zamanja. Mu 2016 m'malo mwake munalowa IFPELAC. Ku Songo, sukulu yaikulu ya Instituto Superior Politécnico inakhazikitsidwa mu 2008, ndipo imaphunzitsa mainjiniya a magetsi. Caka ca 2007 gawo lalikulu la Cahora Bassa linabwera m'manja mwa Moçambique. Komabe midzi yambiri ilibe magetsi, ngakhale ina imene nthambo zimadutsa pamwamba pake. Zimenezi zimandiwawa. Koma sola ya padenga nayo imafuna munthu woidziwa kulumikiza, conco nchito ilipo ndi kumudzi komwe. Mwana akakula n'kufuna umisiri umenewu, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, muoneni kaye mmisiri amene adzamuphunzitse. Kodi ali ndi coyesera? Kodi amazimitsa asanagwire? Ndipo mwanayo ayesetse kupeza cikalata ca kusukulu, cifukwa makampani amacifunsa polemba nchito.

Mafunso

1. Damu la Cahora Bassa lili pa mtsinje uti?
2. Ajudante ankagwira nchito yanji?
3. Kanyali katayaka, mtsikana anacita ciyani?

Nchito ya kunyumba: Funsani agogo kumene anaona babu loyaka koyamba. Jambulani babulo m'kope mwanu. Mawa mudzationetse.