CHIKWAMA CHA AGOGO

M'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Dedza mudali mtsikana amene ankaphunzira mu Sitandade 5. Iye adali wakhama pa maphunziro ake onse. Aphunzitsi ake ankakonda kukumbutsa ana kuti m'chaka cha 1968 Chicheŵa ndi Chingerezi zidasankhidwa kukhala ziyankhulo zoyendetsera ntchito za dziko la Malaŵi, choncho mwana wanzeru ayenera kuzidziŵa bwino zonse ziŵiri.

Tsiku lina Loŵeruka, m'nyengo yachisanu, mtsikanayo ndi mlongo wake wamng'ono adapita kokwerera basi ku Dedza. Adapita kukachingamira agogo ao aakazi amene ankachokera ku chipatala ku Lilongwe. Basi itafika, anthu adatsika ndipo katundu adaikidwa pansi. Agogo adatsika pang'onopang'ono atagwira ndodo yao.

"Mwayenda bwanji, agogo?" anawo adafunsa atagwada.

"Ndayenda bwino, adzukulu anga. Tanditengerani chikwama changa chobiriŵira chija tizipita, kunja kuno kwazizira."

Basi idanyamuka kuloŵera ku Ntcheu. Pansi padatsala chikwama chimodzi chobiriŵira. Agogo atayesa kuchinyamula adagwedeza mutu nati, "Iai, ichi si changa. Chikulemera ngati mwaikidwa miyala. Kalanga ine! Mankhwala anga ndi chiphaso changa cha kuchipatala zili m'chikwama changa chija."

Pomwepo mnyamata uja adaona bambo wina atanyamula chikwama chobiriŵira akupita nacho ku galimoto imene idadzamutenga. Bamboyo adali mphunzitsi wochokera ku dziko la Ghana, ndipo adali asanaphunzire Chicheŵa. Agogo adafuula, koma iye sadamve kanthu. Mtsikana uja adathamanga namupeza akutsekula chitseko cha galimoto.

"Excuse me, sir. That bag is theirs," iye adatero ali ŵefuŵefu.

Mlendoyo adayang'ana gulu la amai amene ankagulitsa mbatata m'mbali mwa mseu, ndipo adadabwa. "Theirs? No, my child. This bag is mine," iye adayankha uku akuika chikwamacho m'galimoto.

Mtima wa mtsikanayo udagunda kwambiri. Iye adali atanena m'Chingerezi mau akuti "nchao," monga mmene mwana waulemu amanenera za agogo ake. Koma mlendoyo adamva kuti chikwamacho nchaanthu ambiri. Apo mtsikanayo adakumbukira zimene aphunzitsi ake adanena, kuti Chingerezi chimafuna kudziŵa ngati mwini chinthu ali mmodzi kapena ali ambiri, ndiponso ngati ali wamwamuna kapena wamkazi. Adalimba mtima nanenanso kuti, "I am sorry, sir. It is my grandmother's bag. It is hers. Yours is over there."

Tsopano mlendoyo adamvetsa. Adatsitsa chikwama chija napita nacho pamene padali agogo. Zikwama ziŵirizo zidali zofanana ngati mapasa. Asanatsekule chilichonse, mlendoyo adafunsa kuti, "What is in her bag?"

"Uŵauze bamboŵa kuti muli bulangete limodzi, malalanje angapo, shuga pang'ono ndi mankhwala," agogo adatero.

"There is one blanket. There are a few oranges. There is a little sugar and some medicine," mtsikanayo adamasulira.

"How many oranges?"

"Six oranges, sir."

"How much sugar?"

"Half a packet, sir."

"Are there any books?"

"No, sir. There aren't any books."

Atatsekula chikwamacho adapezamo zonse monga mmene mtsikanayo adanenera. M'chikwama china chija mudali mabuku okhaokha. Mlendoyo adachita manyazi ndipo adapepesa kwambiri. Agogo adaseka nati, "Palibe mlandu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mdzukulu wanga, uŵapatse malalanje aŵiri adye pa njira." Mtsikanayo adapereka malalanjewo ndi manja aŵiri nati, "These are yours now, sir."

Pobwerera kumudzi agogo adauza aliyense amene adakumana naye kuti liu limodzi lokha likadaŵatayitsa mankhwala ao, ndipo liu limodzi lomwe lidaŵabwezera.

MAU AUMWINI

Mau aumwini ndi mau amene amasonyeza mwini wa chinthu. M'Chicheŵa masinde a mau otere alipo 6: -anga, -ako, -ake, -athu, -anu ndi -ao. Kumayambiriro kwa liu kumasintha potsata gulu la dzina la chinthucho. Nchifukwa chake munthu amati mwana wanga, buku langa, chikwama changa, nyumba yanga, zovala zanga. M'Chingerezi liu silisintha chotero. Liu limodzi lakuti "my" limakwanira ponseponse: my child, my book, my bag, my house, my clothes.

Komabe Chingerezi chili ndi magulu aŵiri a mau aumwini. Gulu loyamba limayenda pamodzi ndi dzina, ndipo limakhala patsogolo pa dzinalo. Gulu lachiŵiri limaima palokha m'malo mwa dzina, ndipo mau ake amatchedwa aloŵam'malo aumwini.

Chikwama changa: my bag. Nchanga: it is mine.
Chikwama chako kapena chanu: your bag. Nchako kapena nchanu: it is yours.
Chikwama chake cha mnyamata: his bag. Nchake: it is his.
Chikwama chake cha mtsikana: her bag. Nchake: it is hers.
Chikwama chathu: our bag. Nchathu: it is ours.
Chikwama chao cha anthu ambiri: their bag. Nchao: it is theirs.

Nkulakwa kunena kuti "mine bag" kapena "This bag is my." Pamene dzina likutsatira, liu loyenera ndi "my." Pamene palibe dzina lotsatira, liu loyenera ndi "mine."

Pali zinthu zinai zimene wophunzira ayenera kusamala nazo.

Choyamba, tsinde la -ake silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, koma Chingerezi chimasiyanitsa. Chimene chimalamula ndi mwini chinthu. Mnyamata ponena za amai ake amanenedwa kuti "his mother," ngakhale amaiwo ali aakazi. Mtsikana ponena za atate ake amanenedwa kuti "her father." Ngati mwini ali nyama kapena chinthu, liu lake ndi "its," monga mu chiganizo ichi: "The goat has broken its leg."

Chachiŵiri, -ako ndi -anu m'Chingerezi ndi liu limodzi. Polankhula ndi mwana mnzake, ndi mfumu, kapena ndi gulu la anthu, wophunzira adzanena "your" ndi "yours" basi.

Chachitatu, Chicheŵa chimalemekeza munthu wamkulu pomutchula ngati anthu ambiri: atate ndi chipeŵa chao, agogo ndi ndodo yao. Chingerezi sichitero. Chipeŵa cha atate ndi "his hat," ndipo ndodo ya agogo aakazi ndi "her stick." Apa mpamene mtsikana uja adaphonya. M'Chingerezi ulemu umaoneka m'mau ena monga "please," "sir" ndi "madam."

Chachinai, polemba "yours," "hers," "ours" ndi "theirs" sipaikidwa kachizindikiro kam'mwamba konga kamene kali m'liu lakuti ng'ombe. "Its" wopanda kachizindikiro amasonyeza umwini, pamene "it's" ndi chidule cha "it is" kapena "it has."

MAU OSONYEZA KUCHULUKA

Mlendo uja adafunsa za malalanje ndi mau akuti "how many," koma za shuga adafunsa ndi mau akuti "how much." Chifukwa chake nchakuti Chingerezi chimagaŵa maina m'magulu aŵiri: maina a zinthu zoŵerengeka chimodzichimodzi, ndi maina a zinthu zosaŵerengeka chotero.

Malalanje, mabuku, mbuzi, mazira ndi ana ndi zoŵerengeka: one orange, two oranges, ten oranges. Madzi, mkaka, mchere, shuga, ufa, mpunga ndi chimanga, m'Chingerezi water, milk, salt, sugar, flour, rice ndi maize, zili m'gulu la zosaŵerengeka. Maina otere salandira "s" kumapeto, ndipo nambala siikidwa patsogolo pao. Wofuna kuziŵerenga amaŵerenga muyeso wake: two bags of maize, three cups of water, five packets of salt.

M'Chicheŵa munthu amati malalanje ambiri, madzi ambiri, osasintha liu. M'Chingerezi ayenera kusankha motere:

"Many" ndi wa zoŵerengeka: How many goats are there? There aren't many goats.
"Much" ndi wa zosaŵerengeka: How much flour is there? There isn't much flour.
"A few" ndi wa zoŵerengeka, ndipo amatanthauza zingapo: a few eggs.
"A little" ndi wa zosaŵerengeka, ndipo amatanthauza pang'ono: a little milk.
"A lot of" amagwira ntchito m'magulu onse aŵiri: a lot of eggs, a lot of milk.

"Much" amamveka kaŵirikaŵiri m'mafunso ndi m'ziganizo zokana. M'ziganizo zovomera eni chiyankhulocho amakonda kunena "a lot of," monga "We have a lot of maize this year."

"Some" ndi "any" nawonso amagwira ntchito m'magulu onse aŵiri. "Some" amapezeka m'ziganizo zovomera: "There is some medicine." "Any" amapezeka m'mafunso ndi m'ziganizo zokana: "Is there any medicine? There isn't any medicine." Koma popempha kapena popatsa munthu chinthu, "some" ndiye woyenera ngakhale chiganizo chili funso: "May I have some water, please?"

Liu limene limasokoneza ana ambiri ndi la ndalama. M'Chicheŵa munthu amafunsa kuti, "Ndalama zingati?" Ndipo aliyense amadziŵa kuti ndalama zimaŵerengedwa. Komabe m'Chingerezi "money" ali m'gulu la zosaŵerengeka, choncho funso lake ndi "How much money?" Chimene chimaŵerengedwa ndi kwacha ndi tambala, ndalama zimene zidayamba kugwira ntchito m'Malaŵi m'chaka cha 1971: ten kwacha, fifty tambala.

Wophunzira asanatsekule pakamwa adzifunse mafunso aŵiri. Kodi mwini chinthuchi ndani? Kodi chinthuchi nchoŵerengeka kapena ai? Akayankha mafunso ameneŵa sadzasokera. Zonsezi zimazoloŵereka pozinena tsiku ndi tsiku, pakuti akulu adati kanthu nkhama, phwiti adakwatira njiŵa.

MAU OFUNIKA KUŴADZIŴA

kuchingamira: kupita kukalandira munthu amene akubwera
chiphaso: pepala losonyeza dzina la munthu ndi zina zokhudza iye
ŵefuŵefu: kupuma mofulumira chifukwa cha kuthamanga
kumasulira: kunena m'chiyankhulo china zimene wina wanena
kukamuka: kuuma msanga kwa madzi kapena mame

MAFUNSO

1. Kodi mtsikana ndi mlongo wake adapita kukatani kokwerera basi?
2. Agogo adadziŵa bwanji kuti chikwama chotsala pansi sichidali chao?
3. Chifukwa chiyani mlendo adayang'ana amai ogulitsa mbatata?
4. Nchifukwa chiyani mtsikana adanena "theirs" poyamba? Nanga liu loyenera lidali liti?
5. Tchulani zinthu zimene zidali m'chikwama cha agogo. Ndi ziti zoŵerengeka, nanga ndi ziti zosaŵerengeka m'Chingerezi?
6. Kodi mwambi wakuti "Mlendo ndi mame" umaphunzitsa chiyani?

NTCHITO YOYAMBA

Lembani ziganizo izi m'makope mwanu. Dzazani mipata ndi mau aŵa: mine, yours, his, hers, ours, theirs.

1. I have a pencil. It is ______.
2. My sister has a basket. It is ______.
3. My father has a bicycle. It is ______.
4. We have a garden. It is ______.
5. You have a hoe. It is ______.
6. The boys have a ball. It is ______.

NTCHITO YACHIŴIRI

Dzazani mipata ndi mau aŵa: many, much, a few, a little, some, any.

1. How ______ pupils are in your class?
2. How ______ water is in the pot?
3. There aren't ______ fish in the basket.
4. Mother put ______ salt in the beans.
5. I picked ______ mangoes from the tree.
6. May I have ______ tea, please?

NTCHITO YACHITATU

Masulirani ziganizo izi m'Chingerezi.

1. Buku ili ndi langa, ilo ndi lako.
2. Amai ataya mpango wao.
3. Agogo aamuna akudyetsa mbuzi zao.
4. Muli ndi nkhuku zingati?
5. M'nkhokwe mwathu muli chimanga chambiri.
6. Ndilibe ndalama.

NTCHITO YACHINAI

Khalani aŵiriaŵiri. Wina akhale mlendo, wina akhale mtsikana wa m'nkhaniyi. Ikani zinthu zisanu m'chikwama, ndipo funsanani m'Chingerezi za mwini wa chinthu chilichonse ndi kuchuluka kwake.