Malembo Obwereka

Kuno ku Namwera ambiri tinayamba kuona malembo kumadrasa. Amenewo ndi a Chiarabu, olemba kuchokera kumanja kupita kumanzere. Anabwera ndi amalonda ndi mashehe ochokera ku Kilwa ndi Zanzibar. Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu a Chiyao ankasunga alembi owalembera makalata m'Chiswahili. Pamene Azungu ankalanda phiri la Mangochi kwa Mfumu Jalasi mu 1895, n'kuti makalata akuyenda kale kuno kunyanja.

Koma chovala chobwereka pena chimathina. Chiarabu chilibe p ndi ch. Timizere take tosonyeza a, i, u tilipo, koma ta e ndi o palibe. Wowerenga Chiswahili ankachita kuganizira yekha.

Vuto lotereli linaonekanso ku Japan, dziko la zilumba kum'mawa kwa China. Kalekale anthu a kumeneko analibe malembo, ndiye anabwereka a Chitchaina. Malembowo ndi masauzande, chilichonse ndi tanthauzo lake, ndipo sankagwirizana ndi chinenero chawo. Cha m'ma 800 anayamba kufupikitsa ena mwa iwo kuti chilembo chimodzi chiziimira phatikizo limodzi. Malembo atsopanowo ndi hiragana, ndipo lero alipo 46.

Tamverani tsono: nawonso ali ndi a, i, u, e, o, zisanu ngati ife! Mwana wa ku Japan amatchula ka, ki, ku, ke, ko, monga momwe inu mumatchulira ka, ke, ki, ko, ku pansi pa mtengo wa mango.

Amuna apamwamba ankanyadira Chitchaina. Hiragana ankaitcha "dzanja la akazi", poti akazi ambiri sankaphunzitsidwa malembo ovutawo. Komatu cha m'ma 1000 mayi wina wa kunyumba ya mfumu ku Kyoto, Murasaki Shikibu, analemba ndi dzanja lomwelo Nthano ya Genji, buku la mitu 54 limene likuwerengedwabe mpaka lero. Amayi a m'kalasi mwathu, amene mumati kulemba n'kwa abambo, mwamva?

Malembo a m'kabuku kano nawonso ndi obwereka. Anabwera ndi amishoni, ndipo anachita kuwakonza kuti tithe kulemba ng' wa ng'ombe.

Zochita: Funsani shehe kapena mwana wa kumadrasa akulembereni dzina lanu m'Chiarabu. Inu mulembe m'Chichewa pansi pake. Kodi pali phatikizo limene lamuvuta? Mubwere nacho chipepalacho m'kalasi.